Kapheredwe ka bering'i ya njinga yamoto

Achimwene a kabaza, mukafuna kuti bering'i ya wilo lakutsogolo ife msanga, yambirani pogula. Popita ku Biwi Triangle kapena ku Malangalanga, yakale ija isiyeni kunyumba, nambala yolembedwa m'mphepete mwake musaiwerenge. Ingolozani yotchipa. 6301 ndi 6202 zimafanana m'maso, chonsecho bowo la yoyambayo ndi mamilimita 12, la inzakeyo 15. Yolembedwa 2RS, ya zotsekera za labala uku ndi uku, ikaneni. Tengani yosatseka kuti fumbi la ku Chinsapo lilowe, lisakanikirane ndi girizi n'kuyamba kupala chitsulo.

Poika m'pamene ntchito yagona. Wilo ligonekeni pamchenga, bowo lake musalipukute. Tengani hamala, mumenye kamkombero kam'kati ka bering'iyo, osati kakunja. Mphamvu yonse idzadutsa m'timipira ta m'kati mwake, ndipo kalikonse kadzasiya kadzenje m'njira yake. Maso sangaone, koma bering'iyo yafa kale wilo lisanazungulire. Ikalowa mopendekeka, onjezerani hamala. Kapaipi kamene kamakhala pakati pa mabering'i awiri a wilolo kaiwaleni pansi pomwepo, kenaka mangani nati ndi mphamvu zanu zonse. Popanda kapaipiko, natiyo imafinya timipira mpaka titatentha.

Pa nyanja ya Malawi, maboti ena ali ndi bering'i ya labala pa shafti yozunguza pulopela, ndipo mafuta ake ndi madzi enieniwo, ikauma imapsa. Yanuyo isamaleni ngati imeneyo. Tsikirani nayo njinga mu Lingadzi, wilo limire, kapena lozetsani paipi ya pa car wash pakati penipeni pa wilo. Madzi adzatsuka girizi, dzimbiri n'kumalizitsa.

Matumba a makala sanjikani mmene mungathere, ndipo maenje a msewu wa ku Mgona musawazembe.

Bering'i siifa mwakachetechete. Imayamba kulira, kenaka kukukuta, ndipo mukagwedezera wilo m'mbali limachita khwekhwerekhwe. Apa anzanu pa siteji adzakuuzani kuti muimike njinga tsiku limodzi. Ayankheni kuti bwana akudikira ndalama yake madzulo.

Ndiye nyamulani mayi wobereka mwana, wochokera kumsika wa Nsungwi, mulowe naye mu M1 pakati pa malole a ku Kanengo. Timipira tikasweka, wilo lakutsogolo limatha kuuma pomwepo njinga ili pa liwiro, ndipo mayiyo alibe chipewa, alibenso pogwira.