Damu Losambiramo Likamachucha: Njira Yolakwitsira Zonse Bwinobwino

Madzi akayamba kutsika m'damu losambiramo, kaya ndi la panyumba ku Namiwawa kaya la paloji ku Mangochi, choyamba pezani munthu womuloza chala. Mlonda ndiye ali pafupi: muuzeni kuti mukudziwa zoti amachapa yunifomu usiku. Akakana, pali gadeniboyi, amene mwina amathirira kapinga ndi madzi a kolorini. Mukachotsa ntchito mmodzi, mtima umakhala m'malo sabata yathunthu, ngakhale madziwo akutsikabe.

Kenako nenani kuti ndi dzuwa. Mawu amenewa ndi abwino chifukwa sali abodza kwenikweni. Mu Okutobala, kukatentha kukamawombanso mphepo, damu limaphwa mamilimita angapo pa tsiku popanda bowo lililonse. Inu kakamirani pomwepo, ndipo muzinenabe za dzuwa ngakhale mu Juni chiperoni chitakuta Blantyre yense.

Chenjerani ndi ndowa. Alipo anthu ena amene amathira madzi m'ndowa, n'kuikhazika pa sitepe ya damu kuti madzi a m'kati ndi a kunja alingane, n'kulemba chizindikiro uku ndi uku. Pakatha maola 24 amakasuzumira. Dzuwa silikondera, limamwa mofanana m'ndowa ndi m'damu, choncho a m'damu akatsika kuposa a m'ndowa, ndiye kuti penapake pakuchucha. Anthu omwewa amayesanso pampu itazimitsidwa. Madzi akamatha kwambiri pampu ikulira, amakayikira mapaipi obwezera madzi m'damu. Akamatha chimodzimodzi, amayang'ana chipupa ndi pansi. Njirayi ndi yoopsa: ndi yaulere, ndiponso imayeretsa mlonda.

Masamu nawo athaweni. Damu la mamita 8 mulitali ndi 4 mulifupi likatsika sentimita imodzi, apita ndi malita 320, zigubu 16 za malita 20. Masentimita awiri pa tsiku kwa masiku 30 ndi malita 19,200. Ku Blantyre madzi ambiri amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwera mtunda wonsewo, ndiye n'koyenera kuti akapumule pansi pa kapinga wanu. Ponyani paipi m'damumo, tsegulani mpope, muziwonjezera m'mawa uliwonse. Kuteroko kumathandizanso kuti madzi asakuululireni chinsinsi, pakuti mukawasiya amatsika n'kukaima pamene pali bowo: pakamwa pa skimmer (pokokera madzi a pamwamba), pa getsi la m'chipupa, kapena pa mng'alu. Bilu ikabwera, pitani ku ofesi ya madzi mukakalipe kuti mita ikuthamanga.

Mukatopa, yambani kukumba. Musayambe mwaona paipi ya backwash, imene imataya madzi mwakachetechete mphira wa m'kati mwa vavu ya fyuluta akaperepeseka. Thovu lotuluka m'mapaipi obwezera madzi, lomwe limasonyeza kuti mbali yokoka madzi ya pampu ikuba mpweya, litengeni ngati chokongoletsa. Zodontheza utoto wothira m'makeke pafupi ndi mng'alu pampu ili chete, n'kumaona ngati ukukokedwa, asiyireni ana. Inu itanani anyamata a ganyu ndi mapiki aphwanye simenti yonse yozungulira damu. Piki ikaboola paipi yabwinobwino, sangalalani, pochucha papezeka. Mangani ndi mphira wa chubu cha njinga, mukwirire msanga mayi a kunyumba asanabwere kuchokera ku ntchito.

Mng'alu ukaoneka ndithu, musataye ndalama pa Pratley Putty kapena zomatira zina zimene zimauma ngakhale m'madzi. Pondani simenti ndi mchenga, mumate pamwamba pa ndere osayamba mwapala. Posakhalitsa idzasungunuka ngati phala la mwana, ndipo pampu idzaikoka yonse kukaisunga m'fyuluta, kumene idzakupatseni vuto lachiwiri loti muziiwalira loyamba.

Akatswiri enieni a kulakwitsa amamalizira ndi kuphwetsa damu lonse. Koma musapupulume, dikirani Febuluwale, mvula itakhathamiritsa nthaka. Madzi a pansi amakankha damu lopanda kanthu, moti la fibreglass limafufuma kapena kuyandama kumene n'kuthyola mapaipi, ndipo ngakhale la konkire limatha kutukuka. Ngati nthaka ya kwanu ndi youma, musadandaule, lisiyeni liwambidwe ndi dzuwa milungu ingapo, pulasitala idzang'ambika yokha. Apa ndowa ija sifunikanso, chifukwa pochucha padzaoneka muli pa geti.

Omanga damu latsopano akabwera, musankhe wotchipa kwambiri. Akapempha tsiku limodzi loti atseke mapaipi n'kuwayesa mphamvu asanakwirire, mukaneni, alendo akubwera Loweruka.