Chakudza Sichiyimba Ng'oma, Koma Fomuyo Dzazani

Makolo adati chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo atatero adabwerera kokasenda chinangwa. Sadaone chifukwa chosowera tulo. Malungo akabwera abwera, njoka ikaluma yaluma, chotsala n'kuthamangira kwa odziwa mitengo. Anthu a ku America nawo amavomereza kuti matenda sachita odi, koma pamwambiwu adatolapo nzeru ina. Poti chakudzacho chili duu, iweyo ndiye ukhale pakompyuta, uyerekeze msinkhu wake, ulosere kulemera kwake, kenako usankhe ndalama yoti uzichilipira mwezi ndi mwezi. Umu ndi mmene munthu wamba amagulira inshuwalansi ya chipatala m'dziko limenelo.

Si onse amene amatuluka nazo thukuta. Ambiri inshuwalansi amaipeza kuntchito, abwana n'kulipirako gawo lalikulu. Amene akwanitsa zaka 65 ali ndi Medicare, ovutikitsitsa ali ndi Medicaid. Otsala ndi anthu odzilemba okha ntchito ndi aganyu: oyendetsa Uber, oluka tsitsi, osamalira nkhalamba m'makomo. Lamulo limakakamiza makampani akuluakulu kugulira inshuwalansi wantchito wa maola 30 pasabata, ndipo pali mabwana odziwa bwino kuwerenga mpaka 29. Abale athu ena amene tidawaperekeza kubwalo la ndege ndi nthungululu ali m'gulu limeneli. Ku America kulibe zodzuka m'bandakucha ndi kabuku ka kuchipatala n'kukaima pamzere kudikira LA waulere. Lamulo la 1986 limati wobwera ali kayakaya athandizidwe kaye, koma silinena kuti bilu isamulondole kunyumba. Ambulansi nayo imatumiza yake.

Pa 23 Malichi 2010 Barack Obama adasaina lamulo la Affordable Care Act, limene anthu amangoliti Obamacare. Lisanabwere, kampani inkatha kukuyang'ana n'kunena kuti inu muli ndi shuga, inu mphumu, inu mudadwalapo khansa, pitani bwino. Inshuwalansi ya matenda inkakonda anthu osadwala. Kuyambira 2014 zimenezo n'zoletsedwa. Lamulo lomwelo lidakhazikitsa misika ya pa intaneti, pamene munthu payekha angaonepo makampani a m'dera lake, kuyerekeza mitengo, ndi kupempha thandizo la boma. Zigawo zina zili ndi misika yawoyawo, monga Covered California, NY State of Health, Maryland Health Connection, Pennie ku Pennsylvania ndi kynect ku Kentucky. Zotsalazo zimadalira HealthCare.gov ya boma lalikulu ku Washington. Chitsanzo chidachokera ku Massachusetts, kumene bwanamkubwa Mitt Romney adasaina lamulo lofanana nalo mu 2006. Mkuluyu popikisana ndi Obama mu 2012 ankalonjeza kuti akapambana adzachotsa Obamacare, osaonetsa n'komwe kuti nkhope ya mwanayo akuizindikira.

HealthCare.gov idatsegulidwa pa 1 Okutobala 2013. Chimenechi ndiye chidayimba ng'oma zaka zitatu, tsiku lake aliyense akulidziwa, koma chitafika webusaiti idagwa chagada. Zikalata zimene zidatuluka pambuyo pake zidaonetsa kuti tsiku loyambalo okwanitsa kulembetsa adali anthu 6, pamsika wotumikira zigawo zoposa 30. Makolo akadakhalapo akadautalikitsa mwambi uja, kuti ngakhale chiyimbe, ena chimawapezabe ali kubafa. Akatswiri adaikonza, ndipo pofika 2025 olembetsa m'misika yonse adapitirira 24 miliyoni.

Inshuwalansi kwenikweni ndi chipereganyu chachilendo. Aliyense amasonkha, wolandira ndi amene zamuvuta, ndipo membala wanzeru amapemphera kuti tsiku lake lolandira lisafike. Chipereganyu chotere chingafe msanga anthu atamalowa atamva kale kupweteka, n'chifukwa chake chipata chimatsegulidwa kamodzi pachaka, m'zigawo zambiri pa 1 Novembala. Apa pokha ndiye ng'oma imalira mpaka makutu kuwawa: mauthenga pafoni, zikwangwani m'mabasi, makalata m'bokosi. Tsiku lotseka limatengera amene akugona ku White House. Mu 2017 boma la Donald Trump lidalikokera pa 15 Disembala, mu 2021 la Joe Biden lidalikankhira pa 15 Januwale, ndipo zigawo za misika yawoyawo zimaikanso masiku awo.

Chipata chikatsekedwa pamatsala kakhomo kam'mbali. Ukataya inshuwalansi chifukwa ntchito yatha, ukabereka mwana, ukasamukira kudera lina, ukamanga banja, umapatsidwa masiku 60 oti ulembetse. Kudwala sikuli pamndandandawo. Mwendo ukathyoka mu Juni, umenewo ndi mwendo wako. Ukwati nawo uli ndi kamchira, chifukwa kawirikawiri amafuna kuti mmodzi mwa awiriwo akhale kuti adali nayo kale inshuwalansi. Ndikuona kutsogoloku ankhoswe akuchikazi akuyamba ndi funso limeneli asanafunse za mudzi wa mnyamatayo.

Mlamu wanga ali m'chigawo china cha kum'mawa kwa dzikolo. Masana amasamalira gogo wina wachizungu, usiku amayendetsa galimoto yoperekera chakudya m'makomo. Nyengo yolembetsa itafika adandiyimbira pa WhatsApp, foni ataitsamiritsa pabotolo la tsabola. Patebulo padali green card, khadi la Social Security, timapepala ta malipiro topindikapindika chifukwa chokhalitsa m'galimoto, ndi kapu ya tiyi wamkaka imene idali itachita kale kakhungu pamwamba. Dzina, adilesi, tsiku lobadwa, zonsezi adadutsa akuimba mluzu. Kenako mluzu udaduka.

"Alamu, akundifunsa kuti chaka chamawa ndidzapeza ndalama zingati."

"Auzeni."

"Ndiwauze chiyani? Agogowa ali ndi zaka 91. Akatisiya mu Febuluwale, theka la malipiro anga apita nalo. Nanga galimotoyi ikafa injini?"

"Ndiye lembani zochepa."

"Zochepazo ndiye msampha, alamu."

Amanena zoona. Thandizo la boma lochepetsa ndalama ya pamwezi limawerengedwa potengera malipiro a chaka chimene sichinafike. Muyeso wake ndi mzere wa umphawi, umene mu 2025 udali $15,650 pachaka kwa munthu mmodzi. Ukalosera zochepa, boma limakulipirira gawo lalikulu, iwe n'kumayenda mapewa ali m'mwamba. Chaka chikatha msika umatumiza fomu 1095-A kwa iwe ndi ku IRS, anthu a msonkho, ndipo pofika 15 Epulo uyenera kudzaza fomu 8962 yoika ulosi wako pambali pa zimene zidachitikadi. Ngati Mulungu adakukumbukira mu Ogasiti n'kukupatsa maola oonjezera, ubweza. Ukalosera zambiri, umadzilipirira wekha chaka chonse n'kudzabwezeredwa patapita miyezi, lendi itakuluma kale. Chothandiza n'kuuza msika nthawi yomweyo malipiro akasintha, koma munthu amene malipiro ake amasintha Lachisanu lililonse angakhale pafoni chaka chathunthu. Aneneri athu a m'mapemphero a usiku, aja amatchula nambala ya foni ya munthu asanamuone, akuwononga mphatso kuno. Ntchito yeniyeni ili kumeneko mu Novembala.

Kumunsi kulinso dzenje. M'zigawo 40 ndi mumzinda wa Washington, amene malipiro ake sapitirira 138 peresenti ya mzere uja amatumizidwa ku Medicaid. Koma zigawo ngati Texas ndi Florida zidakana kukuza Medicaid, Khoti Lalikulu litazipatsa ufulu wokana mu 2012. Kumeneko munthu wamkulu wopanda mwana amene ali pansi pa mzere wa umphawi akhoza kusowa zonse ziwiri. Medicaid imukana, thandizo la pamsika limukananso poti limayambira pamzerepo kupita m'mwamba. Wasauka mopitirira muyeso wa othandizidwa. Kumtunda nako lamulo lidaika phompho: wopitirira 400 peresenti ngakhale ndi dola imodzi asalandire kalikonse. Mu 2021 adaliphimba kwakanthawi n'kuonjezera thandizo, kenako adatalikitsa mpaka kumapeto kwa 2025, ndipo mkangano woti apitirize kapena ayi udali pakatikati pa kuima kwa ntchito za boma kwa masiku 43 chaka chimenecho.

Ulosi wachiwiri ndi wa thupi, ndipo umenewu ndiye umandisangalatsa. Inshuwalansi zimaikidwa m'magulu anayi: Bronze, Silver, Gold ndi Platinum. Poona anthu onse pamodzi, Bronze imalipira 60 peresenti ya ndalama za chipatala, Silver 70, Gold 80, Platinum 90. Jakisoni ndi yemweyo, chosiyana ndi thumba limene likupisidwa. Maso a munthu amathamangira pa premium, ndalama ya mwezi ndi mwezi, ndipo apa Bronze imamwetulira mano onse pamtunda. Pansi pake pali deductible, ndalama imene uyenera kutulutsa wekha kampani isanayambe kutulutsa yake, ndipo pa Bronze kuona $7,000 si zachilendo. Katemera, kuyezetsa BP ndi zina zodzitetezera n'zaulere, koma ukadwala zenizeni umakhala ndi khadi lonyezimira m'chikwama uku ukulipira ngati wopanda khadi. Palinso copay, kandalama ka pakhomo ukamaonana ndi dokotala, ndi coinsurance, gawo lako pa bilu deductible itatha. Malire alipo ndithu. Mu 2025 lamulo lidati munthu mmodzi asatulutse zoposa $9,200 pachaka, premium osawerengera, ndipo pa ngozi yaikulu malire amenewa ndi amene amapulumutsa nyumba.

Ndiyetu funso lenileni la patsamba limenelo, ngakhale salilemba, n'lakuti chaka chamawa mudzadwala zingati. Wosankha Bronze akubetcha kuti chakudza sichidza. Wosankha Gold akubetcha kuti chidza, ndipo Disembala akafika ali bwinobwino, wosatsokomola ngakhale kamodzi, amayenda ndi nkhope ya munthu woluza. Ndi pamsika pokhapa pamene munthu angadandaule kuti thanzi lamudyera ndalama.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikanakonda ng'oma ija ikanachilirira kwambiri. Amene malipiro ake sapitirira 250 peresenti ya mzere wa umphawi amachepetseredwanso deductible ndi copay, koma pa Silver pokha. Wosapitirira 150 peresenti, Silver yake imalipira 94 peresenti, kuposa Platinum ya anthu olemera. Munthu wotere akathamangira Bronze poona kutchipa kwa pamwezi, wataya thandizo limene lidali lake kale. Safunsa adadya phula, pamene oti n'kufunsa alipo. Msika uliwonse uli ndi anthu ophunzitsidwa kuthandiza olembetsa kwaulere, otchedwa ma navigator, ndipo nambala zawo zili pawebusaiti pomwepo. Chofunika n'kuonetsetsa kuti webusaitiyo ndi yeniyeni, chifukwa pa intaneti padzaza ena ovala malaya ofanana, ogulitsa inshuwalansi za miyezi yochepa zimene lamulo lija silizikhudza, zotha kukana matenda amene udali nawo kale.

Zotsalazo n'zing'onozing'ono koma zimaluma. Kampani iliyonse ili ndi mndandanda wa madokotala ndi zipatala zake, ndipo chipatala chimene ukuchiona uli pazenera chikhoza kusakhalamo. Wachikulire angalipiritsidwe kuwirikiza katatu ndalama ya mnyamata. Wosuta angaonjezeredwe mpaka 50 peresenti, kupatula m'zigawo zoletsa zimenezi monga California ndi New York, ndipo azakhali asaganize kuti apulumuka poti wawo ndi wa pamphuno, nayenso ndi fodya. Ukamaliza kudina zonse, kompyuta imakuyamikira mosangalala, koma inshuwalansi siyamba mpaka utalipira mwezi woyamba kukampani.

Mlamu uja adasankha Silver. Adalosera kuti agogo aja adzaona Khirisimasi ina, adalipira mwezi woyamba, khadi lidafika muenvelopu, ndipo adandionetsa mbali zonse ziwiri. Mu Malichi tsaya lakumanzere lidatupa. Lidali dzino lam'kati, limene lakhala likutafuna chimanga chokazinga mokhulupirika kuyambira ali kupulayimale. Kwa dokotala wa mano adapereka khadi ndi manja awiri. Mayi wa pakauntala adalitembenuza, n'kuliwerenga, n'kumubwezera mwaulemu wonse. Pa zinthu 10 zimene lamulo limakakamiza inshuwalansi iliyonse ya pamsika kulipira muli uchembere, matenda a maganizo, mankhwala, ngakhale mano a ana. Mano a akuluakulu mulibe. Amenewo ali ndi inshuwalansi yawo yogula padera, imene mlamu adaidumpha usiku uja poti idali pansi penipeni pa tsamba ndipo tiyi adali atazizira.

Adandiyimbira akulankhula ndi mbali imodzi ya kamwa. "Alamu, kuzula dzino kumudziko masiku ano ndi zingati?" Nditamuuza adakhala chete, ndipo ndinkamva akudina pakakyuleta, akuphatikizapo tikiti ya ndege yodzera ku Addis Ababa.