Mpweya wa basela ndi nkhani zina za matayala ku Kachulu

Njinga zamoto zikuluzikulu za masiku ano, monga BMW ndi Honda Gold Wing, zimabwera ndi kachipangizo kobisika m'kati mwa tayala, pavalavu penipeni. Amakatcha sensa. Kamayeza mpweya n'kumatumiza uthenga kutsogolo kwa woyendetsa, ndipo mpweyawo ukachepa nyali imayaka. Ku America lamulo linayamba kukakamiza kuti galimoto zonse zing'onozing'ono zatsopano zikhale nako mu 2007, ku Ulaya mu 2014. Chovuta n'chakuti batire yake anaimatira m'kati mosatsegulika. Pakatha zaka zisanu kapena kuposerapo kamafa, basi uvule tayala palimu, ugule kena. Ku Kachulu, kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, njinga za kabaza zilibe zonsezi. Koma masensa aliko, ndipo nawonso amatha.

*

Mzungu wina wokonda mbalame, atamva kuti Chilwa inalembedwa mu 1996 pamndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, anafika padoko pa BMW nyali yachikasu ikuphethira. Makaniko wa pansi pa mtengo anadina tayala, analiponda, analiponderanso.

"Bwana, tayalali lilibe mlandu."

Kudzera mwa mnyamata womasulira, mzungu uja anafotokoza kuti chafa ndi sensa, yatsopano iyenera kuchokera ku Johannesburg, ndipo ikafika pafunika kompyuta yoti iuze njingayo kuti kwabwera sensa ina. Kupanda kutero njinga siimvera.

"Ndiye kuti ikafika chabe, njinga iikana?"

"Eya."

"Aa, chikamwini chimenecho. Popanda nkhoswe sulowa m'nyumba."

Anang'amba tepi yakuda n'kumata panyali paja. "Yazima. Mulipire ya tepi yokha, ya nzeru ndakukhululukirani."

*

Sensa yakale kwambiri m'dera lino ndi chala chachikulu cha mkulu wina womata machubu pafupi ndi msika. Kwa zaka zambiri chala chimenechi chinali boma. Akadina tayala n'kunena kuti "onjezani kawiri," umapopa kawiri, osati katatu. Anyamata a kabaza amachoka ku Jali kudzangodinitsa tayala, ngakhale kwawoko kuli mapampu.

Koma chala chimene chakhala chikukanda zigamba, kukoka masipoko ndi kupsa ndi guluu chimafika pouma gwa. Cha mkulu uja chinasiya kumva, ndipo mphamvu zake zokha ndi zimene sizinathe, moti tayala lililonse ankaliona lofewa. "Onjezani." Mnyamata n'kupopa. "Onjezaninso." Thukuta kamukamu. "Simunadye kodi? Onjezani!" Tsiku lina chubu chinaphulika, nkhuku za pamsika zinabalalika, amayi a mandasi anagona pansi.

Anyamata anakhala upo. Kumuuza mkulu ngati ameneyo kuti chala chatha ndi mwano, choncho anatuma wamkulu pakati pawo.

"Agogo, tabwera mwaulemu. Chala chanu chatigwirira ntchito. Tikupempha kuti chipume, mdzukulu wanuyu azidina m'malo mwanu."

Mkulu uja anayang'ana chala chake nthawi yaitali. "Chabwino. Iye azidina, koma ndalama muzipereka kwa ine. Chala chake chinachokera m'chalachi."

Pano mdzukulu amadina, agogo amalengeza zotsatira.

*

Mayi wina wogula matemba kukagulitsa ku Zomba safuna chala cha munthu. Akangokhala kumbuyo kwa njinga, dengu atalimanga pachonyamulira, amadziwa zonse asanafike patali.

"Achimwene, mwapopa mopyola. Miyala yonse ya mumsewu uno ndikuiwerenga ndi msana."

Tsiku lina: "Achimwene, lero kumbuyoku kukuvina pokhota. Mpweya wachepa, limu igunda pansi posachedwa."

Mnyamata wa kabaza anaima, anayang'ana tayala litafwamphuka m'mbali, anayang'ana mayi aja, dengu, thumba la mpunga wa ku Likangala, ndi mlamu wawo amene anakhala pakati atanyamula mbuzi.

"Amayi, mpweya ulimo wokwanira. Achuluka ndi anthu."

"Anthu ndi amene amalipira, mwanawe. Mpweya sulipira. Kaonjezere."

Ndipo apa mayiwo akunena zoona: katundu akachuluka tayala lakumbuyo limafuna mpweya woonjezera, ndipo mabuku a njinga amalemba miyezo iwiri, wa munthu mmodzi ndi wa anthu awiri. Wa anthu atatu ndi mbuzi sanaulembebe.

*

Mu Okutobala mnyamata wina anapopetsa tayala m'mawa ku Kachulu. Pofika ku Jali masana analipeza lalimba kuposa poyamba. Mpweya ukatentha umafufuma, ndiye tayala limene lathamanga padzuwa limalimba lokha. N'chifukwa chake odziwa amayeza lisanayende. Iye sanaganize zimenezo. Anauza anzake kuti wapampu wa ku Kachulu ndi munthu wabwino, amapereka basela. Pofuna kusamala tayala, anadina valavu ndi kamtengo n'kutulutsako baselayo.

Usiku kunazizira. M'mawa tayala linali lobwerera. Analikankha mpaka kwa wapampu uja, mkwiyo uli pakhosi.

"Aise, mpweya wako ngwa masana okha. Usiku umabwerera kwa iwe kuti uugulitsenso. Ndibwezere ndalama yanga."

Wapampu sanatekeseke. "Bweretsa mpweya wanga kaye."

*

Womata machubu wina wa padoko sankagula beseni. Chubu chikaboka ankachipopa, n'kutsetsereka nacho masitepe ochepa kukachiviika m'nyanja. Pamene patuluke thovu, ndi pomwepo. Akuluakulu ankamuuza kuti Chilwa siyodalirika, inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, koma iye ankati zimenezo n'zakale. Mu 2018 madzi anathawa, mabwato a pa Kachulu anatsala pathope long'aluka. Sabata iliyonse ulendo wokaviika chubu unkatalika. Pamapeto pake ankachita kukwera kabaza kukasaka madzi, chubu chili m'khosi, ndipo tsiku lina njinga imene anakwerayo inaboka tayala m'njira.

Atabwerera wapansi anakhoma chikwangwani: "Kumata chubu mtengo ndi womwewo. Madzi mubwere nawo."

*

Masensa amakono anafikadi kuno kamodzi. Mnyamata wina analandira kuchokera kwa mkulu wake wa ku Joni tizivindikiro tiwiri ta pavalavu tolumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth. Timeneti sitifuna kuvula tayala, ndipo batire yake amasintha. Anatimanga, anaonetsa sitendi yonse manambala pafoni, moti kwa masiku angapo sankapereka moni kwa mkulu wa chala uja.

Usiku wina wa mu Juni, kukuzizira, mpweya unatsika ndipo foni inalira pakati pa usiku. Mkazi wake ndiye anayamba kuitola.

"Bambo a mwana, akukuimbirani nthawi ino ndani?"

"Ndi tayala."

"Ndani?"

"Tayala lakumbuyo. Likuti lachepa mpweya."

Mayi uja anayatsa tochi. "Ena amalemba kuti Makaniko, ena amalemba kuti Abusa. Inu mwafika polemba Tayala Lakumbuyo? Ali ndi ana angati Tayala ameneyu?"

Mwamuna analumbira, anamutengera panja, anamuonetsa kachivindikiro pavalavu. Mayi anakapotokola mwakachetechete n'kukakaponya m'chimbudzi. Atangogona, foni inayambanso kulira, ulendo uno kudandaula kuti sensa yasowa.

"Mwamva?" anatero mayi uja. "Akukufunsani kuti bwanji simunapite."