Kachipewa ka Malaŵi kavuta pa Bwandilo

Pa Bwandilo, mu Area 47, nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya kachipewa kaja kamakhala pamutu pa w m'dzina la Malaŵi. Akuti agogo ena anapita kwa mnyamata wotayipa kuti awakonzere khadi la ukwati wa mdzukulu wawo. Ataona pepala anakonza magalasi, n'kufunsa kumene chipewa cha dziko lawo chagwera. Mnyamata anasakasaka pa kiyibodi, batani ndi batani, thukuta kamukamu, ŵ osaoneka. Agogo osagonja: m'Buku Loyera lawo kachipewako kalimo, ndiye makina odula chonchi angakanike bwanji?

Amene anawombola mnyamatayo ndi mayi wina wolemba makalata ku Capital Hill, amene anali pamzere. Anamuuza kuti mu Microsoft Word alembe 0175 payokha, osaigundanitsa ndi chilembo china, kenako adine Alt ndi X nthawi imodzi. Pomwepo ŵ anangoti tulukiru! Wamkulu wake ndi 0174. Agogo anatuluka akumwetulira, atamvanso kuti anthu a ku Wales nawo amalemba chilembo chomwechi.

Achinyamata ofunsira ntchito nawo akulira ndi @. Laputopu za kaunjika zimabwera ndi makhalidwe a kwawo: ya ku America imasunga @ pa 2, ya ku Britain imamuika pafupi ndi Enter. Kompyuta ikatcheredwa Chibritishi mabatani ali Achimereka, munthu udina Shift ndi 2 n'kutuluka mitengero, imelo osapita, tsiku lotsekera likukwana.

Koma imene yathyola anthu nthiti ndi ya pulogalamu ya chinkhoswe. Wotayipa anaiwala nkhodolero, ndipo m'malo mwa ng'oma zitatu panalembedwa ngoma zitatu. Akuchimuna akuti anafika ndi njala ya nyama yam'tchire, n'kupeza anyamata akuwamba ng'oma pamoto.

Kusekako tiseke, koma agogo aja ndagwirizana nawo ndi mtima wonse. Mabataniwa anawakonza anthu osaganiza za Chichewa, choncho amene angasamale tizizindikiro tathu ndi ife eni ake. Nambala zinayi si katundu wolemera. Mnyamata wa pa Bwandilo uja akuti wazilemba pakapepala n'kumata pakona ya kompyuta yake, ndipo wobwera ndi dzina la Malaŵi akumachoka nalo litavala chipewa.