Chitini cha Agogo

Amene anawononga makalata a agogo anga aamuna ndine. Kumudzi ena amati ndi mvula, ena amati ndi mtsinje, ndipo akamatero ndakhala ndikungoti duu chifukwa zimandipeputsira mtolo. Koma mvulayo inapeza makalatawo ali m'manja mwanga, tsiku limene anayenera kukhala atabwerera kale m'chitini mwake.

Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Ulongwe, koma kwathu ndi m'munsi mwa phiri la Domwe. M'chaka cha 1986, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa kuno ku Angónia, anthu ambiri a m'mudzi mwathu anathawira ku Dedza, ine ndili kumsana. Anyakwawa anakana kusiya manda a makolo. Anatsala m'mapiri ndi anthu ochepa, natuma agogo anga aamuna, amene anaphunzira kulemba ku mishoni ya Lifidzi, kuti akakhale maso ndi pakamwa pawo kutsidyako. Agogo ankapempha malo kwa mafumu a ku Malawi, kulembetsa anthu athu kuti azilandira ufa ndi nyemba, kuzimitsa mikangano ya nkhuni ndi zitsime pakati pa othawa ndi eni mudzi, kenako n'kulembera anyakwawa zonsezo. Makalata ankayenda usiku, ena atasokereredwa mu mpendero wa chikhotho. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 anthu anayamba kubwerera, ndipo patapita zaka anyakwawa, ataona kuti mphamvu zikuwathera, anabweza makalata onse 23 kwa agogo aakazi m'chitini cha mabisiketi. Nthawiyo n'kuti mwini kulemba atatisiya kale.

Chaka chatha ndinkaphunzitsa za mmene malire athu ndi Malawi anabadwira. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa imandipweteka. Harry Johnston anabwera m'chaka cha 1889 ngati kazembe wa Britain ku Mozambique, ndipo makalata ankapita ndi kubwera pakati pa iye ndi Lord Salisbury ku London. Pa 11 Januwale 1890 Britain inalamula Portugal kuchotsa asilikali ake m'madera amene ankalimbirana, ndipo pa 11 Juni 1891 mayiko awiriwo anasaina pangano limene linadula dziko la Angoni a Maseko pakati. N'chifukwa chake lero ukamayenda pamsewu wa Dedza kupita ku Ntcheu, pena dzanja lamanja ndi kwathu, lamanzere ndi kwa abale athu. Palibe Mngoni amene anafunsidwa.

Mtsikana wina m'kalasi anafunsa kuti kodi kazembe amatani tsiku lonse. Ndinamuyankha kuti amalemba, ndipo ndinapereka chitsanzo cha anthu a ku America pamene dziko lawo linali khanda. Benjamin Franklin anakhala ku France kuyambira kumapeto kwa 1776 mpaka 1785 akupempha ndalama, zida ndi ubwenzi. Kalata yake inkatha masabata ambiri panyanja, pamene zombo zankhondo za Britain zinali pa chiwembu, choncho akazembe a nthawiyo ankakopera kalata imodzi kawiri kapena katatu n'kutumiza pa zombo zosiyana. Ndinasimbanso za Henry Laurens, amene anagwidwa panyanja mu 1780 akupita ku Netherlands. Anaponya mapepala ake m'madzi koma sanamire, Angerezi anawavuula, napezamo zolemba za pangano ndi Adatchi. Laurens anakatsekeredwa ku Tower of London, ndipo chaka chisanathe Britain inali pa nkhondo ndi Netherlands. Ndinauza anawo ndi pakamwa pangapa kuti kalata yofunika siyenda yopanda inzake.

Kenako ndinawauza kuti nafenso tinali ndi kazembe wathu, ndipo ndinalonjeza kuwabweretsera umboni.

Agogo aakazi sadziwa kuwerenga, koma chitinicho ankagona nacho kumutu. Nditawapempha anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amuna anga," anatero, monga amatchulira adzukulu awo aamuna, "mukabwera nawo liti?"

"Mawa lomweli, Agogo. Ndikungokawajambulitsa pa makina."

Cholakwa choyamba chinachitikira pakhomo pomwepo. Chitini sichinkalowa m'chikwama, ndiye ndinatulutsa makalatawo n'kuwaika m'jumbo yopyapyala. Ku Ulongwe ndinapeza magetsi atazima. Foni ndinali nayo m'thumba, ndikanatha kujambula tsamba lililonse pa mphindi zochepa, koma ndinati zithunzi za pafoni sizioneka bwino, ndidikire makina. Mawa lake ndinawerengera ana kalata imodzi, yonena za mayi amene anachira panjira yopita ku Dedza ndi mmene mfumu ya kumeneko inamupatsira nyumba ya mwana wake. Kalasi yonse inangoti zii. Ndinakomedwa nako kumvedwa koteroko, mwakuti ndinasunga makalatawo sabata yonse kuti makalasi enanso amve, ndipo za makina zija ndinkangoti mawa.

Loweruka ndinanyamuka pa njinga yamoto, mwezi wa Febuluwale, mitambo itaunjikana pamwamba pa Domwe. Pofika pa kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi wathu ndinapeza madzi ofiira akusefukira. Bambo wina amene anali atatsitsa matumba ake a mbatata ya kachewere patsidya lino anandichenjeza.

"Aphunzitsi, dikirani aphwe. Madzi awa ndi a kuphiri."

Ndinaganiza za agogo akundiyang'anira kunjira kwa masiku asanu ndi awiri, ndipo ndinalowa ndikukankha njinga. Pakatikati mwala unagubuduzika pansi pa phazi langa. Njinga inandigwera pamwendo, lamba wa chikwama anaduka, ndipo ndinachiona chikupita. Anyamata awiri anakachikoka pa mizu ya mkuyu kumunsi, chitadzaza matope.

Ngakhale pamenepo makalata ambiri akanapulumuka ndikanaugwira mtima. Pepala lonyowa limafuna mthunzi ndi mphepo, ndiponso kulisiya mpaka litayamba kudzilekanitsa lokha. Ine ndinathamangira pa nyumba yoyandikira n'kupempha moto. Ndinamatula masamba adakali chinyowere, ndipo ankang'ambika ngati masamba a nkhwani ophika. Inki ya buluu inayenderera m'zala zanga. Awiri ndinawayandikiza kwambiri ku mafuwa, anapsa m'mbali ine ndikutembenuza ena. Owerengeka anatsala asanu ndi awiri okha, amene agogo analemba ndi pensulo masiku amene inki inkasowa.

Usikuwo ndinabwerera ku Ulongwe osafika kumudzi. Kwa masabata atatu ndinkatumiza uthenga wabodza woti makalata ali bwino kusukulu. Bodzali limandiwawa kuposa mtsinje uja, pakuti mtsinje unandigwetsa kamodzi, pamene bodza ndinkalisankha ndekha m'mawa uliwonse.

Nditapita ndinakhala pansi pakhonde, n'kuyala zotsalazo pamphasa. Agogo anazigwira limodzilimodzi, akusisita malo opsawo ndi chala.

"Dzanja lawo linali lopendekera chonchi," anatero, akulijambula m'malere. Anakhala chete, kenako anafunsa, "Bwanji simunabwere tsiku lomwelo? Tikanalira limodzi."

Ndinalibe choyankha, ndipo mpaka lero ndilibe.

Patapita mwezi anandiitanitsa kuti ndibwere ndi kope. Sindinkadziwa kuti ambiri mwa makalatawo agogo aamuna ankawawerengera akazi awo asanawatumize, pa kuwala kwa koloboyi, kuti amve ngati mawu opita kwa anyakwawa ali ndi ulemu wokwanira. Agogo aakazi akukumbukira mayina a amene anaikidwa m'manda a eni ku Dedza, mlandu wa mbuzi, chaka chimene ufa unachedwa. Pena amasokoneza miyezi, pena amati apa sindikukumbukira mmene ananenera, ndipo pamenepo ndimasiya mzere wopanda kanthu. Tafika pa kalata yachisanu ndi chinayi. Loweruka lililonse ndimapita ndi makope awiri, ndikalemba m'limodzi ndimakopera m'linzake ndisananyamuke, ndipo limodzilo limatsala m'chitini kumutu kwa agogo.