Malangizo kwa Ofuna Kukwiyira Maloboti Osanduka

Munthu wofuna kudziwika kuti amakonda Transformers, nthano ija ya maloboti osanduka magalimoto, asamataye nthawi ndi kuisangalalira. Kusangalala n'kwa ana. Wokonda weniweni amadziwika ndi mkwiyo, ndipo anzathu a ku America ndi ku Ulaya akhala akukwiya osapuma kuyambira m'ma 1980. Ife a m'chigwa cha Shire tatsalira kutali, ndiye tcherani khutu kuti tiwapeze.

Musade nkhawa kuti buku la zithunzi la nthanoyi simunaligwirepo. Kuchokera pa Thabwa mpaka ku Marka, kupeza ogulitsa mabuku amenewa n'kovuta kuposa kupeza mthunzi masana a mu Okutobala. Ambirife malobotiwa tinakumana nawo ku vidiyo, m'kanyumba kotchinga ndi masaka kuseri kwa msika, sipika ili panja kuitana anthu, bolodi yolembedwa ndi choko itatsamira pakhomo, m'katimo thukuta lili kamukamu, womasulira akuyankhulitsa maloboti Chichewa cha pa siteji ya minibasi. Zimenezo n'zokwanira. Amene sanawerenge ndi amene amakwiya bwino, chifukwa palibe mfundo yomusokoneza.

Komabe sungani zaka zingapo m'thumba zoopsezera anzanu. Mu 1983 kampani ya Hasbro ya ku America inatenga zidole zopangidwa ndi kampani ya Takara ya ku Japan, n'kupempha a Marvel kuti azipekere mbiri kuti zigulike. Mkulu wina dzina lake Bob Budiansky ndi amene anapatsa ambiri mwa malobotiwa mayina ndi makhalidwe. A Marvel anakonza zotulutsa mabuku a zithunzi 4 okha, koma malonda atakoma anafika 80, mpaka 1991. Mfundo yakuti nthano yonseyi inabadwa ngati malonda a zidole muidziwe, koma musaitchule pagulu. Pagulu muzinena kuti kale ankalemba ndi mtima, masiku ano angofuna ndalama.

Tsopano pa maliro, pakuti apa ndi pamene pagona luso. Mtsogoleri wa maloboti abwino, Optimus Prime, ndi thiraki yofiira yomwe ntchito yake yaikulu ndi kufa. Mu filimu ya 1986 anamupha, thupi lake n'kuchita imvi ana akuonerera, ndipo ana analira m'nyumba za kanema, makolo n'kulemba makalata aukali. Chifukwa chake sichinali chozama ayi: kampani inkafuna kuchotsa zidole zakale m'masitolo kuti ziloweko zatsopano. Itaona kuti yaputa mavu, inamudzutsa mu 1987. M'buku la Marvel la nambala 24 anafanso, ulendo uno chifukwa cha gemu ya pa kompyuta. Anapambana gemuyo, koma poti popambanapo anaphetsa tianthu ta m'gemumo, chikumbumtima chinamuvuta ndipo anapempha yekha kuti amuphulitse. Nzeru zake zonse anazisunga pa kadisiki kamodzi ka kompyuta, kenaka anadzukanso.

Ndiye mukamva kuti Optimus wamwalira, lirani ndithu, maliro n'kulirana. Khalani pansi, vulani chipewa, uzani anzanu a pa kabaza kuti olembawa akuphera ubwana wanu, ngakhale kuti ubwana wanuwo munathera kubusa ng'ombe ku Ngabu. Koma chipepeso musapereke, ndipo nkhuni musatole. Malemuwa sachedwa. Akadzuka, kwiyaninso, chifukwa tsopano imfa yasanduka masewera ndipo olemba sakulemekeza misozi yanu. Wokonda wokhwima amakwiya kawiri pa maliro amodzi.

Buku limene likutuluka masiku ano linayamba mu Okutobala 2023 pansi pa kampani ya Skybound, ndipo analiyambitsa ndi Daniel Warren Johnson, yemwe ankalemba yekha n'kumajambulanso yekha. M'buku loyamba lenilenilo anapha Bumblebee, kaloboti kachikasu kokondedwa ndi ana, mlendo asanamwe n'komwe madzi. Apa musaphonye mwayi. Nenani kuti munthuyu sadziwa chilichonse. Wina akakukumbutsani kuti bukuli linapata mphoto za Eisner mu 2024, zomwe ndi zapamwamba pa mabuku a zithunzi ku America, muyankhe kuti oweruzawo ndi azibale ake. Yankho limeneli limagwira ntchito pa mpikisano uliwonse, kuyambira mpira wa m'sukulu mpaka kumtunda uko.

Pali malo amodzi m'buku limeneli pomwe ndikupemphani kuti mudzigwire. Optimus ataduka mkono pankhondo, anatola mkono wa mdani wake Megatron, wokhala ndi mzinga, n'kudzilumikiza nawo. Akunja anadabwa kwambiri. Inu musadabwe nawo, mungachititse manyazi amakaniko athu. Pitani pansi pa mtengo uliwonse pa Nchalo kapena pa Bangula muone njinga yamoto yomwe thanki ndi ya mtundu wina, foloko ya mtundu wina, chishalo chomangidwa ndi mphira, nyali yochokera pa tochi, koma ikunyamula anthu atatu ndi mbuzi kupita ku East Bank. Pamenepa mungodandaula kuti olemba anaba nzeru zathu osatchula dzina.

Lamulo lalikulu pa onse ndi ili: chilichonse chatsopano n'choipa. Inde, malobotiwa ntchito yawo ndi kusintha maonekedwe, koma asinthe momwe ankasinthira inu muli mwana, osati mwina. Mu 1996, pa nthano ya Beast Wars, mtsogoleri wa abwino anakhala nyani wamkulu wa mtundu wa gorila m'malo mwa thiraki, ndipo akuluakulu a ndevu zawo anatukwana pa intaneti kuti akufuna thiraki, nyani ayi. Lero omwewo amati Beast Wars ndi imodzi mwa nthano zabwino koposa. Mu 2007 Michael Bay anatulutsa filimu yomwe Optimus anamujambula malawi a moto m'mbali, Bumblebee n'kumusintha kuchoka pa Volkswagen kukhala Chevrolet Camaro, ndipo kunali kulira ndi kukukuta mano. Ana amene anaonera filimu imeneyo pa mabenchi a ku Dyeratu pano ndi abambo a makomo awo, ndipo nawonso ayamba kunena kuti Optimus weniweni ndi wa malawi uja. Sankhani chaka chanu, mukhomepo msomali, zonse zobwera pambuyo pake muzitche zonyenga.

Chenjerani ndi agogo. Mukayamba kufotokoza mwamphamvu za galimoto yosanduka chimunthu, iwo adzakumvetserani mpaka kumapeto, kenaka adzafunsa modekha ngati imathanso kusanduka ng'ona n'kukadikirira mdani wake pa dooko. Mukati ayi, adzapukusa mutu n'kunena kuti ndiye kuti azunguwo sanafike patali. Musatsutsane nawo. Pa nkhani ya kusanduka, chigwa chino chili ndi nthano zakale kuposa Hasbro, ndipo mudzagonja.

Nkhani ina yokwiyitsa bwino ndi ya Megatron. Uyu ndi mtsogoleri wa oipa, amene poyamba ankasanduka mfuti, ndipo anachititsa nkhondo ya zaka mamiliyoni. M'mabuku a kampani ya IDW, mu 2014, anavula chizindikiro cha gulu lake n'kuvala cha adani ake, ndipo posakhalitsa anamupatsa udindo woyendetsa nawo chombo chawo. Owerenga anagawikana: ena anati munthu amatha kulapa, ena anati wakupha ndi wakupha basi. Inu ngati Mmalawi muli ndi mwayi, chifukwa maphunziro a zimenezi munamaliza kalekale. Mwaonapo anthu akugona atavala nsalu ya mtundu wina, kukacha avala ina, akulengeza pa msonkhano kuti atsatira zofuna za anthu a kwawo, gawo 65 la malamulo a dziko likuyang'ana kumbali. Choncho funsani funso limodzi lokha lomwe akunja sanaliganizire: Megatron analonjezedwa unduna wanji?

Mwina mudzafuna kudandaula kuti m'mabuku onsewa mulibe loboti ya kwathu. Dandaulani, koma konzekerani kupereka maganizo. Thiraki ya Optimus singatithandize kwenikweni. Ikatsika phiri kuchokera ku Blantyre mabuleki adzafika pa Thabwa akufuka utsi, ndipo kutentha kopitirira madigiri 40 kudzaimaliza isanaone mzimbe wa ku Nchalo. Ife tikufuna ngolo yosanduka bwato madzi akasefukira monga anachitira mu Januwale 2015 ndi pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, kuti anthu a ku Makhanga asamadikire helikopita. Tikufunanso loboti yosanduka mlatho, ikagone pa Chiromo. Za sitima musatchule. Doko la Nsanje analitsegulira ndi mwambo waukulu mu Okutobala 2010, ndipo linasanduka lokha, popanda thandizo la Hasbro, kukhala malo abwino owedzerapo nsomba.

Mkwiyo ukafika pachimake, lengezani kuti mwasiya. Lembani pa gulu la WhatsApp ndi zilembo zikuluzikulu kuti kuyambira lero simudzawerenganso, simudzaoneranso, ndipo olembawa aiwale za ndalama zanu. Musavutike n'kuti ndalama zanuzo sanazionepo, popeza mafilimu onse munachita kuikitsa pa memori khadi kwa mnyamata wa kompyuta pa msika. Tulukani pagulupo kuti anthu aone kuti nkhaniyi ndi yaikulu. Dikirani mpaka Loweruka, kenaka tumizani uthenga wamseri kwa mlamu wanu kuti akubwezeretseni, ndipo mumufunse ngati msuweni wake wa ku Johannesburg watumiza zithunzi za buku la mwezi uno. Muuzeni atumize usiku, bandulo ya masana yakwera mtengo.