Ulemerero wa Mbaula ya Pansi pa Lole

Mwa zipangizo zonse zimene zimayendetsa malonda a m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, palibe chimene akatswiri a zamakina achimana ulemu ngati mbaula, kachitsulo koboolaboola kamene amisiri amasula kuchokera ku zidutswa za malata ndi migolo yakutha, kamene m'miyezi ya Juni ndi Julayi kamachoka kukhitchini kusanache n'kukwawira pansi pa lole, kukagwira ntchito imene m'maiko ozizira inapatsidwa kwa magetsi. Mabuku amene amabwera ndi magalimoto sakatchula, ndipo aphunzitsi a umakanika amakatchula pokhapokha akamachenjeza ophunzira, komabe matumba ambiri a chimanga ndi mtedza afika ku Chipata pa nthawi yake chifukwa cha makala odzaza manja awiri okha.

Kuti ukulu wa ntchitoyi umveke, m'pofunika kufotokoza chimene chimachititsa lole kuuma mutu m'mawa. Injini ya dizilo, imene Rudolf Diesel anaiyesa n'kutheka ku Augsburg mu 1897, ilibe mapulagi othetheka ngati ya petulo. Iyo imapana mpweya m'silinda, limene ndi dzenje loyendamo pisitoni, mpaka mpweyawo utatentha kupitirira madigiri 500, ndipo dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Chitsulo chikagona pa chisanu chimamwa kutentha kumeneku mpweya usanafike poyatsa mafuta, oyilo amalimba ngati phala la dzulo moti sitata imavutika kutembenuza injini, ndipo batire, imene mphamvu yake imachokera ku mankhwala ochita ulesi kukazizira, imafooka pa nthawi yeniyeni imene ikufunika. Utsi woyera umene umafuka kumbuyo ndi dizilo wosapsa, umboni wakuti mwini lole akulipira mafuta ongofukizira anansi.

A m'maiko a chipale chofewa anathana ndi vutoli ndi block heater, chitsulo chamagetsi cholowetsedwa m'thupi la injini kuti chizifunditsa madzi ozungulira masilinda galimoto ikagona panja. Amene amatchulidwa kuti anayambitsa chipangizochi ndi Andrew Freeman wa ku Grand Forks m'chigawo cha North Dakota, amene analandira chikalata cha umwini wa luso lake mu 1949, ndipo lero ku Winnipeg kapena ku Fairbanks magalimoto amayenda chingwe chili lende kutsogolo ngati mbuzi yodula goli, malo oimikapo magalimoto ali ndi masoketi pa mizati. Koma mbiri imanenanso chinthu chimene okonda zamakono sakonda kumva, chakuti Freeman asanatulukire chitsulo chake, alimi a kumeneko ankathira madzi otentha pa injini, ena ankakhetsa oyilo n'kugona naye m'nyumba, ndipo ena ankawola makala amoto ndi fosholo n'kuwaika pansi pa galimoto. Ngakhale thalakitala yotchuka ya ku Germany, Lanz Bulldog, imene inayamba kupangidwa mu 1921, sinkalira popanda kuwotcha mutu wake ndi nyali yamoto. Motero mbaula ndi kholo, block heater ndi mdzukulu amene anapita kusukulu n'kuiwala kwawo, ndipo mnyamata wa pa lole amene akukupiza moto ku Kapata m'Chipata akusunga mwambo umene azungu anautaya chifukwa chosapirira utsi.

Otsutsa, amene sasowa pa nkhani iliyonse yabwino, amanena kuti Chipata alibe chisanu choyenera dzinalo. Ndi zoona kuti mzindawu, ngakhale uli pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, m'mawa wa Julayi kawirikawiri umazizira kufika cha m'madigiri 10 kapena 12 okha, pamene block heater inapangidwira malo amene kuzizira kumatsika madigiri 20 kapena 30 kunsi kwa ziro. Iwo amaonjeza kuti injini yathanzi ingalire pa chisanu chotere ndi kiyi yekha, ndipo kuti lole yofuna moto ili ndi matenda atatu odziwika: maheater plug, tizitsulo tofiira ndi magetsi totenthetsa mpweya m'silinda, anafa kalekale, maringi a pisitoni anaperepeseka moti mpweya umathawa usanapanike, ndipo batire inapitirira zaka zake. Zonsezi n'zosatsutsika, koma m'menemu ndi mmene muli ulemerero wa mbaula. Chipangizo cha ku America chimatumikira injini zabwinobwino zimene zagwidwa ndi nyengo yoipa, ntchito imene aliyense angaigwire, pamene mbaula imatumikira ma Canter ndi ma Dyna amene anatha ntchito ku Japan, nawoloka nyanja, nayambanso moyo wachiwiri m'misewu yafumbi ya ku Chadiza, Vubwi ndi Lundazi atasenza katundu woposa muyeso wawo. Kuposa apo, mbaula imasunga ulemu wa mwini lole, chifukwa imasamutsa mlandu kuuchotsa m'thumba mwake n'kuukankhira kumwamba: malinga ngati moto ukuyaka pansi pa injini, aliyense wodutsa amaona kuti vuto ndi chisanu, ndipo palibe amene amafunsa kuti lole inapita liti kugalaja. Chisanucho, mwa nzeru za Namalenga, chimafika pa nyengo yokolola, pamene chimanga, soya, thonje ndi fodya zikudikira pamsewu, ndipo mwini lole aliyense amadziwa kuti zokonzetsa zidzaoneka ulendo uno ukatha, mawu amene amanenedwa pa ulendo uliwonse mpaka mvula itagwa.

Pa nkhani ya kudalirika mpikisano palibe. Block heater imafuna soketi yamoyo kwa maola awiri kapena anayi, ndipo mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi opangira magetsi a ku Kariba, magetsi m'Zambia ankazima maola 17 pa tsiku, mwina kuposerapo, moti chipangizo cha Freeman chikanangokhala chingwe choyanikapo masokosi. Mbaula sidikira ndondomeko ya kampani ya magetsi ya Zesco, ndipo akale ananena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kagwiritsidwe kake ndi luso losalembedwa limene dalaivala amasiyira mnyamata wake, pamodzi ndi ntchito yodzuka pa 4 koloko. Makala, amene ena m'tauni amati malasha, ayenera kuyamba ayaka mpaka lawi litatha, kenako mbaula imakankhidwa ndi mtengo kufika pansi pa sampu, beseni lachitsulo losungira oyilo kunsi kwa injini, ndipo kutentha kumakwera kokha popanda pampu, kusungunula oyilo kenako kufunditsa chitsulo chonse. Choyezera kutentha ndi chikhatho cha mnyamatayo, chipangizo chimene sichifuna batire ndipo chikapsa chimapola chokha. Njira zina zilipo koma n'zotsika. Madzi a m'ketulo amazizira asanatsike pansi. Kuimika lole pa chitunda kumathandiza okhawo amene ali kufupi ndi mapiri ngati Kanjala, ndipo kumapereka mwayi umodzi wokha, umene ukalephereka lole imakhala ili m'munsi ndi manyazi ake. Kukankha kumafuna amuna asanu ndi mmodzi amene pambuyo pake amafuna ya tiyi. Mbaula yokha ndi imene imagwira ntchito zitatu ndi makala amodzimodzi, pakuti imadzutsa injini, imawothetsa mlonda amene wagona panja, ndipo imaotcha mbatata, imene nayonso imakhwima m'miyezi yomweyi.

Za ngozi zimene otsutsa amazinena, kuti moto uli pansi pa mapaipi a mafuta, kuti mawaya ndi mipira zimasungunuka, kuti oyilo wodontha amagwira lawi, ndiponso kuti pamwamba pake nthawi zina pamakhala mabelo a thonje, yankho la oteteza mbaula ndi lakuti dizilo sabuka msanga ngati petulo, mfundo imene ndi yoona ndithu mpaka tsiku limene paipi yang'ambika. Akatswiri ena aonanso kuti lole imene yapsa sivutanso kulira m'mawa. Za mitengo ya misuku ndi mitondo imene ikutha m'mapiri chifukwa cha makala, mbaula ya pansi pa lole ingayankhe kuti gawo lake ndi lochepa poyerekeza ndi la azibale ake a m'makhitchini, yankho limene aliyense wotentha makala amaperekanso.

Ogasiti akamatha, mphepo yafumbi itayamba ndipo m'mawa mutafunda, lole imayamba kulira ndi kiyi, mwini wake amalengeza kuti injini yachira yokha monga ankanenera, ndipo mbaula imabwerera kukhitchini itadetsedwa ndi madontho a oyilo, popanda mwambo wotsanzikana kapena mawu othokoza. Maheater plug anayi amene akanaichotsa ntchito amakhalabe m'kabokosi kawo pa shelefu ya sitolo ina ku Down Shops m'Chipata, akusonkhanitsa fumbi, ndipo wogulitsa amawakwezako mtengo pang'ono pokonzekera Juni wa chaka chamawa.